Mbawala Yoyamba ya Amayi Anu

Bweretsa kuno foniyo, Jayden, ndione bwino. Magalasi anga ali kuti? Mwayi, wawakhalira, tadzuka. Eya. Ndiye mnyamata wa ku America uyu wagwada pambali pa chinyama chimene wapha, mano onse pamtunda, bambo ake atamukoleka mkono m'khosi. Mukuti dzina lake ndi elk? Nyanga zake ngati munthu wasenza nkhuni. Wachita bwino mwana wa eni ake, tisamuchitire nsanje. Koma mwandiseketsa pamene mwati zoterezi zimachitika ku America kokha. Inu ana, m'banja mwathu muno muli mlenje, ndipo si ine. Ndi amayi anu. Ee, omwewo amene amakuwa akaona kangaude m'bafa. Musandiyang'ane ngati ndalawa. Khalani pansi, ndipo iwe Jayden foniyo uigoneke chafufumimba, chifukwa nkhani zanga zilibe batani loimitsira.

Amayi anu sanakulire kuno. Oyamba kubwera anali agogo anu aakazi, a Nachisale, atapeza ntchito ya unamwino pachipatala china muno mu Birmingham. Ine ndinatsatira pambuyo ngati katundu wotsalira pa depoti. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Yankho, amene inu mumati mami, tinamusiya ku Dedza kwa amalume ake, a Lufeyo, tikuti ndi za chaka chimodzi chokha. Koma mapepala a kuno sadziwa kufulumira. Tinamusiya mano akutsogolo atangochoka, n'kudzamulandira pabwalo la ndege ali namwali wamtali kuposa amayi ake.

Zaka zonsezo tinkamulera pa foni. Musaganize za mafoni anuwa, oti munthu ali kumudzi inu n'kumamuona mpaka chiphuphu cha pamphuno. Ife tinkagula kakhadi pa shopu ya pakona ku Lozells kuno, n'kukakanda ndi kiyi kuti manambala aoneke, n'kuimbira mwini golosale wa pamsika kwathu, iye n'kutuma mwana kuti akaitane Yankho. Pamene Yankho azifika, ali wefuwefu, kamayi ka m'khadimo kakulengeza kale kuti nthawi yatha. "Uli bwanji? Ukulimbikira sukulu? Uziwamvera amalume." Basi, yaduka. Mwana sakula ndi mawu amenewo. Amene anamulera ndi a Lufeyo, ndipo anamulera bwino.

Atafika kuno anangoti ndwii. Kusukulu ankakhoza, m'nyumba ankasesa, mwano analibe, koma kwa ine mawu ake anali ee, ayi, kaya. Loweruka akaimbira amalume ake, m'chipinda mwake munkamveka phwete lokhalokha, Chichewa chikutuluka mosapumira, ine nditaima pa masitepe ndi kapu ya tiyi, kumvetsera mwana wanga akuseka ndi bambo wina. Zinkandiwawa kwambiri. Ndipo inu mukundidziwa ine pakamwa. Kutchalitchi zolengeza amandipatsa pamapeto penipeni, kuti ofulumira azituluka. Ndiye Mulungu, mwa nthabwala zake, anandipatsa mwana wosayankhula. Ine ndikawonjezera nkhani kuti mwina aseke, iye ankawonjezera kukhala chete.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsiku lina tikudya, anaika supuni pansi n'kunena mosakweza mawu: "Ndikamaliza ma exam mu June ndikubwerera kwathu. Kukakhala, osati holide."

Ine ndinayamba ulaliki, za sukulu, za tsogolo, za mmene tinavutikira ndi mapepala. A Nachisale anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Titalowa kuchipinda anati: "Abambo a Yankho, mwana si mbuzi yoti mungaimange pachikhomo. Akamaliza mayeso mtima wake ukadali komweko, timugulire tikiti." Ndinavomera ndi pakamwa, mtima ukukana. Kunja kunali kutayamba kuzizira, masamba akuyoyoka. Ndinadziwa kuti ikatha nyengo yozizira imeneyo ndiye kuti mwana ndamutaya kachiwiri, ndipo ulendo uno mwa kufuna kwake.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ku Telford, m'chinyumba chosungiramo katundu, kukweza ndi kutsitsa makatoni. Loweruka ndinkagwira ganyu pa famu ya mzungu wina wachikulire, a Denisi, kuseri kwa Telford, njira yopita ku Wales. Ndinkawakonzera mipanda. A Denisi anali munthu wofiira nkhope, wa mawu ochepa ngati amachita kugula. Tinkagwirizana bwino, ine kuyankhula, iwo kukhoma misomali. Dandaulo lawo linali limodzi, mbawala. Musaganize timbawala ta kwathu tija. Za kuno ndi zazikulu, yamphongo imafika msinkhu wa mwana wa ng'ombe woleka kuyamwa, nyanga zake zanthambi, zophwatalala kumapeto. Si elk wanuyu ayi, koma ndi msuweni wake. Zinkalowa m'nkhalango mwawo n'kumadya timitengo timene anabzala, ndiye chaka chilichonse ankayenera kuphako zingapo.

Nditamva zimenezo ndinasiya hamala n'kuwafotokozera za uzimba. Inunso simuudziwa, tamverani. Kwathu, chilimwe chikafika pachimake, udzu utauma, m'bandakucha kunkalira lipenga la nyanga. Amuna onse ankatuluka, wina ndi uta, wina ndi nthungo, wina ndi chibonga, ena atasenza maukonde a khonje, agalu ali piringupiringu. Bambo anga anali ndi gogodela, mfuti yothira onga kukamwa, imene inkaopsa mwini wake kuposa nyama. Ife anyamata chida chathu chinali kukhosi. Tinkandanda m'tchire, kumenya zitini, kukuwa, kuti nyama zithawire kumaukonde. Ndipo lamulo linali lakuti woyamba kuiona nyama akuwe ndi mphamvu zake zonse: "Iyo! Iyo! Yatsikira kukhwawa!" Munthu woona nyama n'kukhala chete ankatengedwa ngati wakuba, wofuna kudzaitsata yekha mawa lake. Mugwire bwino pamenepo, kuti musandiweruze molakwa kutsogoloku.

A Denisi anamvetsera zonse, kenako anangoti ndibwere Loweruka m'mawa ndidzaone mmene iwo amachitira. A Nachisale atamva anati: "Mutengeni Yankho. Asamangokhala m'chipinda ngati nkhuku yofungatira mazira." Anakwera galimoto chifukwa amayi ake analamula. Njira yonse ya ku Telford ine ndinali pa nkhani, iye akuyang'ana pa windo.

Kuno mfuti si chinthu chongonyamula. Ya a Denisi inali ndi chiphaso cha boma, inkagona m'kabati yachitsulo, ndipo mlendo ankaigwira pa malo awo pokha, eni ake ataima pambali. Asanatilole kuganiza za nyama, anazika thabwa patsinde pa kamtunda ka dothi n'kujambulapo kabwalo. Ndinayamba ndine, monga mwana wa mwini gogodela. Ndinatsinzina maso onse awiri n'kukoka. Thabwa silinamve kanthu, koma nyongolotsi ina m'dothimo inasiya ana amasiye.

Kenako anagona pansi Yankho. Anapuma, n'kupumanso, n'kuomba kangapo. Atamaliza tinakaona thabwa lija, ndipo mabowo onse ukanawaphimba ndi pansi pa kapu. A Denisi anavula chipewa n'kukanda dazi.

"Unaphunzira kuti zimenezi?" ndinamufunsa.

"Legeni," anatero. "Anyani a kumunda kwa amalume ankandidziwa."

Amenewo anali mawu ambiri kuposa onse amene anandiyankhula mwezi umenewo. Ndipo ine, bambo wake, sindinkadziwa n'komwe kuti mwana wanga analonderapo munda.

Kuyambira pamenepo, Loweruka Yankho sankadikira kudzutsidwa. A Denisi anamuphunzitsa kuyenda mosathyola kamtengo, kumva kumene mphepo ikuchokera, kudziwa pamene pali mtima wa nyama kuti isavutike, ndiponso kusaomba ngati kuseri kwa nyamayo kulibe dothi logwira chipolopolo. Ine anandiphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kuvula jekete yanga yachikasu ya kuntchito, yowala ija, n'kundibwereka chikhoti chawo chonunkha galu.

Tsiku loyamba kulowa m'nkhalango kunali chisanu choti cha ku Dedza ndi masewera. Udzu uli mbuu, ukulira kunsi kwa nsapato. Tinabisala kuseri kwa mpanda wa zitsamba n'kumadikira. Kutangoyera pang'ono ndinaona zikutuluka m'mitengo, imodzi, ina, inanso, gulu lathunthu. Inu ana, sindinaganize. Miyendo inaimirira yokha, pakamwa panatseguka pokha: "Izo! Izo! Yankho, izo!"

Tinangoona timatako toyera tikulowa m'nkhalango. A Denisi ananena liwu limodzi la Chingerezi limene sindingabwereze kwa ana opita ku Sande sukulu. Yankho anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kukanakhala bwino akanandikalipira.

Seka, Mwayi, seka, mano akowo ngoperewera kale. Koma ine mpaka lero ndimati sindinalakwe. Ndinachita zimene bambo anga anandiphunzitsa. Zolakwa ndi mbawala za kuno, zosazolowera anthu ochezeka.

Ulendo wachiwiri ndinalonjeza kuti ndizingonong'ona. Ndinanong'onadi, koma akuti kunong'ona kwanga kumamveka ku Wolverhampton. Ulendo wotsatira ndinakhala chete ndithu, koma mvula inagwa tsiku lonse, nyama osaoneka, ndiye palibe anandiyamikira. Kenako Khirisimasi, kenako sinowo, kenako Yankho anatanganidwa ndi mabuku. Masabata ankangopita. M'chipinda mwake ndinaona sutikesi itatsitsidwa pamwamba pa wadirobu, ndipo tsiku lina ndinamumva akufunsa amalume ake pa foni ngati bedi lake likadalipo.

Kuno nyama ili ndi kalendala. Mbawala zamphongo amalola kupha mpaka kumapeto kwa Epulo, kenako amatseka. Mwezi umenewo ukupita kokatha, a Denisi anauza Yankho, ine ndili pomwepo, kuti mwayi watsala umodzi, ndipo ndi bwino abambo ake adikire m'galimoto ndi wailesi. Ndinayang'ana pansi. Ndinkadziwa kuti akunena zoona.

"He can come," anatero Yankho. Kenako anatembenukira kwa ine: "Koma mukangotsegula pakamwa, ine ndikakwera basi."

Kunyumba a Nachisale anandiseka mpaka misozi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, abambo a Yankho. Kapena ndikubweretsereni pulasitala wa kuchipatala?"

Tinalowa m'nkhalango chakumadzulo, dzuwa litapendeka. Pansi ponse panali timaluwa tabuluu tija timatuluka nyengo imeneyo. Tinakhala kuseri kwa chimtengo chakugwa, a Denisi kumanzere, Yankho pakati mfuti itatsamira pamtengopo, ine kumanja. Chipewa changa ndinachipinda n'kuchiluma, kuti pakamwa pakhale ndi ntchito.

Ndinali ndisanakhalepo chete pafupi ndi mwana wanga nthawi yaitali chotero. Poyamba chinali chilango. Mwendo unachita dzanzi, pakhosi panayamba kuyabwa, nkhani zabwinozabwino zinkabwera m'mutu n'kumapita osanenedwa. Koma patapita nthawi ndinayamba kuona zinthu. Ndinaona kuti khutu lake lakumanja ndi lopindika pamwamba ngati la malemu amayi anga. Ndinaona chipsera pa chala chake chachikulu, chimene sindinkadziwa kuti anachitenga kuti. Ndinamva mmene amapumira. Ndipo ndinaona kuti kukhala chete kwake pamenepo sikunali kwa mkwiyo. Anali pamtendere, nkhope yomasuka, mmene ndinali ndisanamuonerepo m'nyumba mwathu. Ndinamukonda kwambiri mwana ameneyu madzulo amenewo, ndipo ndinachita mantha kuti andichokera ndisanamudziwe.

A Denisi anali ndi zoonera patali zija, maso awo ali kumanzere, pa mpata pamene nyama zinkakonda kutulukira. Yankho nayenso ankayang'ana komweko. Kumanja kunali kwa ine ndekha, ndipo n'kumene inatulukira. Yamphongo, ili yokha, nyanga zitatambalala, inayenda pang'onopang'ono kuchoka kuseri kwa chitsamba, n'kuima, n'kununkhiza mphepo. Mfuu ija ya kwathu inakwera kuchokera m'mimba mpaka pakhosi, ndinaimva ikugogoda kuseri kwa mano. Anzanga sakuiona nyamayo. Ndikakuwa, yapita. Ndikakweza dzanja kuloza, yandiona, yapita. Ndikangokhala, idya pang'ono n'kubwerera m'mitengo, ndipo ine ndikhala munthu uja woona nyama osanena.

Ndinalavulira chipewa pamiyendo mwakachetechete, n'kukankha bondo la Yankho ndi bondo langa. Anatembenuza maso okha, ali okwiya kale. Ndiye ndinachita zimene aliyense wa kwathu amachita akafuna kuonetsa chinthu pamaso pa akuluakulu, poti kuloza ndi chala ndi mwano. Ndinaloza ndi milomo. Tayesa, Mwayi. Ayi, osati ngati ukudzijambula pa foni, utukule chibwano pang'ono. Eya, choncho. A Denisi anandiuza pambuyo pake kuti ataona nkhope yanga ankaganiza kuti ndagwidwa sitiroko. Koma Yankho ndi mwana wa ku Dedza. Maso ake anatsata milomo yanga mpaka pachitsamba paja.

Anasuntha mfuti pang'onopang'ono, moti munthu akanaphika tiyi isanafike. A Denisi anaiona tsopano nyamayo, anayang'ana kamtunda kamene kanali kuseri kwake, n'kugwedeza mutu kamodzi. Koma mbawala inali itayang'ana kwa ife, ndipo Yankho sanafune kuomba isanapereke nthiti. Anadikira. Ine mtima unkagunda moti ndinkaopa kuti undiulula. Kenako inaweramitsa mutu, n'kutembenuka.

Phuu!

Inadumpha, n'kuthamanga pang'ono, n'kugwa m'timaluwa tija. Sinadzukenso. Tinakhalabe duu, chifukwa a Denisi anakweza chala kuti tidikire. Yankho anachotsa zipolopolo zotsala, n'kuwapatsa eni ake mfuti. Anandiyang'ana, osadziwika kuti aseka kapena alira.

"Adadi," anatero, "kuwani tsopano."

Inu ana, ndinakuwa. Ndinakuwa za nyengo yonse yozizira. Akhwangwala anabalalika m'mitengo, galu wa a Denisi anayankha ali kunyumba, ine ndikuvina ndi mwendo wadzanzi mpaka ndinagwera m'zitsamba zoyabwa zija, chitedze cha kuno. Ndipo Yankho anaseka phwete lomwe lija ndinkalimvera pa masitepe, koma tsopano ankaseka ndi ine.

Titafika pa nyamayo kuseka kunatha. Anagwada, n'kuika dzanja pakhosi pake pofunda, misozi n'kumagwa. Sindinamuletse. Bambo anga nawonso akapha nyama ankayamba aomba m'manja mofatsa asanatulutse mpeni. Ndinati tipemphere. "Lalifupi, adadi," anatero, ndipo ndinayesetsa.

Nkhondo inabuka potumbula. A Denisi anang'amba mimba mwaluso ndithu, koma kenako ndinaona akukoka chifu ndi matumbo n'kuponya patchire, akuti ndi za nkhandwe. Za nkhandwe! Ine ndikuona nthumbwana zathunthu zikutayidwa! Ndinakhuthula jumbo imene munali masangweji athu n'kutola zonse. Iwe Jayden, usandipangire "that's disgusting" pamenepo. Soseji umadya m'mawa ija ukuganiza amaikulunga ndi chiyani, riboni? Kenako a Denisi anati nyama ikapachikidwe m'chipinda chozizira sabata yathunthu kuti ifewe. Kwathu tinkaicheka mizeremizere n'kuiwamba pamoto tsiku lomwelo, kuopa ntchentche, ndipo inkakhala mpaka mvula. Koma sindinalimbane nawo, ndinangoti chabwino.

Loweruka lotsatira tinakaitenga. A Denisi anati nyama yonse ndi ya Yankho, mphatso. Pamenepo ndinamufotokozera mwambo wa kwathu, ndikuopa kuti andiyankha kuti kaya. Nyama yoyamba mlenje sadya yekha m'nyumba, kapena kuibisa mu firiji. Mwendo umene unagonera pansi ndi wa mwini nthaka. Yotsalayo imayenda khomo ndi khomo, ndipo wopereka ndi mlenje mwini wake, ndi manja awiri. Yankho anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunyamula mwendowo, n'kugwada pamaso pa a Denisi pa simenti yonyowa. Mkulu uja anafiira kuposa kale, akulandira mwendo wa nyama yake yomwe, osadziwa poyang'ana.

Ndiye tinayamba ulendo, majumbo ali m'bokosi la ayezi kumbuyo. Masiku amenewo a kwathu tinali ochepa, osati lero pamene ana a ntchito ya keya, yosamalira okalamba ija, adzaza tchalitchi mpaka kukhonde. Tinkadziwana nyumba ndi nyumba, Wolverhampton, Smethwick, Handsworth, mpaka Small Heath. Khomo loyamba anatsegula mayi wina namwino, atangogona kumene kuchokera ku naiti, maso ali psuu, wokonzeka kukalipa. Ataona mtsikana atagwada ndi jumbo ya nyama, n'kumva kuti wapha yekha, anaimba nthungululu pakhomo pomwepo, makatani a maneba n'kuyamba kugwedezeka. "Lowani, lowani! Iwe, ufotokoze bwinobwino, from the beginning!"

Pa nyumba yoyambayo Yankho anafotokoza mwachidule. Pa yachiwiri anawonjezera. Pofika kwa anzathu ena a ku Zambia a ku Handsworth nkhani inali itakula, ikuyambira pa tsiku la chisanu lija, iye ataimirira pakati pa balaza, maso ali tong'o, akukuwa "Izo! Izo!" ndi mawu anga enieni, anthu akugubuduka ndi kuseka. Sindinasekedwepo chotero moyo wanga wonse, ndipo sindinasangalalepo chotero. Paliponse ankamupatsa kanthu, wina mtedza, wina chitenje, wina nambala ya mwana wake wamkazi kuti azichezerana. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu. Pochoka ankatiperekeza mpaka pagalimoto, akuti, "Mlenje wathu, usatiiwale chaka chamawa." Iye ankangomwetulira, ine n'kumayang'ana kumbali, poti ndinkadziwa za sutikesi ija.

Tinafika ku Lozells kukuyamba kuda, mvula ikuwaza. Ndinaimika galimoto pakhomo, koma sindinatsike. M'bokosi munatsala jumbo imodzi, ya nyama ya kumsana, yofewa kuposa yonse, ndipo mwambo unali ndi mbali ina imene ndinali ndisanamuuze. Nyama imeneyo imapita kwa amene anamulera mlenje. Iye sankadziwa zimenezo, ndipo palibe wina akanamuuza. Koma ndinati:

"Iyi ndi ya amalume ako. Ndi amene anakulera. Tiithira mchere, tiiumitsa bwinobwino, udzawatengere popita."

Mawu amenewo anandiwawa potuluka. Yankho anayang'ana madontho a mvula pa galasi. Ndinamulekerera. Patapita nthawi anati:

"Tikawapatse tonse awiri. Inu simunawathokozepo maso ndi maso."

"Chabwino."

"Komanso a Denisi akuti zazikazi amatsegula November." Anapukuta galasi ndi mkono wa juzi. "Ndiye tikitiyo mugule ya return, adadi."

Ndinamufunsa kuti wati chiyani. Anati, "Mwamva," n'kutsika ndi jumbo yake.

Ndinatsala m'galimotomo ndekha, bambo wamkulu ndikulira, mpaka a Nachisale anatuluka ndi ambulera kudzaona ngati ndafa. Lolemba m'mawa, shopu yogulitsa matikiti isanatsegulidwe, ndinali nditaima kale pakhomo pake, kuopa kuti mwana angasinthe maganizo.

Atamaliza mayeso tinapitadi ku Dedza tonse awiri. Ndinawathokoza a Lufeyo nditakhala pansi, ndipo iwo anadya nyama yawo youma gwa ija akuiyamikira. Tsiku lochoka ndinkangomuyang'ana Yankho akutsanzikana ndi anthu amene anamulera, mtima uli m'mwamba. Akanati atsale, inu awiri mukanabadwira kuti, kapena mukanabadwa n'komwe, sindikudziwa. Koma anakwera. Ndinamusiyira mpando wa pa windo, ndipo ndege itanyamuka anayang'ana mapiri a kwathu mpaka anazimiririka. Analira pang'ono. Kenako anatsamiza mutu paphewa langa n'kugona. Phewa linawawa, inu ana, koma sindinalisunthe mpaka ku Nairobi.